Alemekezeke Madala Odandaula a pa Wayilesi

Pali anthu amene kumvera wayilesi sikuwakwana, amafuna yawoyawo yolankhulira. Amaimika mlongoti kuseri kwa nyumba, amakoka waya kuchoka padenga kukafika pamtengo, ndiye usiku wonse n'kumaitana alendo a ku Japan kapena ku Brazil kuti angouzana kuti akumvana bwino. Sapezapo ndalama, malamulo salola. Amatchedwa ma ham, ndipo ku America kokha okhala ndi ziphaso alipo oposa 700,000. Pakati pawo pali munthu amene dziko silinamuthokoze mokwanira: Madala odandaula, amene ntchito yawo ndi kulengeza kuti masewerawa afa.

Tiyambe ndi khama lawo. Adzukulu amakumba manda kamodzi, maliro n'kuikidwa, iwo n'kusamba, kumapita kwawo. Madala akhala akukumba manda omwewo kwa zaka zoposa 100, maliro akukana kulowa, koma khasu sanalitaye. M'ma 1920 analira pamene mawayilesi akale othetheka moto, aja ankasokosa mlengalenga monse, analetsedwa. M'ma 1950 analira chifukwa cha njira yatsopano ya SSB, amvekere eni ake akulankhula ngati abakha. Mu 1968 bungwe la boma la America la FCC linachotsa anthu a ziphaso zapakati pa malo ena olankhulirapo n'cholinga choti alembe mayeso apamwamba. Apo ndiye analira chokweza, moti ena anatsikira kulichete asanakhululukire ARRL, bungwe lawo lomwe, limene linabweretsa ganizolo. Taonani kusakondera kwake: mayeso akalimba, Madala amalira, akafewa, amaliranso.

Ndipo si munthu wamba, ndi wa kubanja lachifumu. Hiram Percy Maxim, amene anayambitsa ARRL mu 1914, ankalemba m'magazini ya QST pa dzina lobisika loti The Old Man, kudzudzula achinyamata osokoneza anzawo. M'zolemba zakezo munabadwa Wouff Hong, chida cholangira ophwanya mwambo. Chilipodi, amachisunga kulikulu la bungweli ku Newington, m'chigawo cha Connecticut, ngakhale kagwiritsidwe ntchito kake anangokasiyira maganizo a wolangidwayo.

Koma ulemerero weniweni wa Madala uli pa Morse, chinenero cha timadontho ndi timizere chija munthu amachigogoda ndi chala. Kale, wofuna chiphaso chapamwamba cha Extra ankayenera kumva ndi kulemba mawu 20 pa mphindi imodzi. Cha General, mawu 13. Madala anakhetsa thukuta, anakhoza, ndipo kuyambira tsiku limenelo anadziwa kuti munthu weniweni amapimidwa ndi khutu. Ndiye zinthu zinayamba kugwa chimodzichimodzi. Mu 1991 kunabwera chiphaso cha Technician chopanda Morse. Mu 2000 liwiro linatsitsidwa kufika pa mawu 5 basi. Mu 2003 msonkhano wa maiko ku Geneva unati dziko lililonse lizidzionera lokha, ndipo pa 23 February 2007 FCC inachotseratu mayeso a Morse.

Tangoganizani mnyamata akulowa pamsonkhano wa kalabu, chimwemwe chodzaza tsaya, m'manja muli kawayilesi ka Baofeng kotchipa kuposa nsapato wavalazo. Wayankha bwino mafunso 26 mwa 35, mafunso oti amasindikizidwa poyera pamodzi ndi mayankho ake. Madala amatsitsa magalasi, n'kuyang'ana kawayilesiko nthawi yaitali osanena kanthu. Kenako amafunsa mofatsa: “Mwanawe, Morse umamva mawu angati?” Mnyamata akati sanaphunzire, Madala amangopukusa mutu n'kubwerera ku khofi wawo. Sabata yotsatira Madala omwewo amaimirira kudandaula kuti achinyamata sabwera kukalabu. Nzeru zoterezi sizipezeka m'mabuku.

Ena amawanena Madala kuti ndi ouma mtima. Ine ndikuti ndi aphunzitsi. Mnyamata amene ananyozedwa mu 1991 chifukwa chosadziwa Morse lero wamera imvi, ndipo maphunziro anamulowa: ndi amene akutsogolera nkhondo yolimbana ndi FT8. Njira imeneyi inatuluka mu 2017, ndipo mmodzi mwa oipanga ndi Joe Taylor, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1993. Makompyuta awiri amasinthana timauthenga masekondi 15 aliwonse, n'kutola zizindikiro zofooka zoti khutu la munthu silingamve. Kwa Madala atsopanowa, imeneyo si wayilesi, ndi makina akucheza okha mwini wake ali kubafa. Katswiri wa Nobel akuuzidwa kuti wayilesi saidziwa, ndipo womuuzayo ndi munthu woti mlongoti wake unapendekeka chaka chatha.

Akunja amafunsa kuti kuvutika konseku n'kwachiyani pamene pali WhatsApp. Madala yankho ali nalo: mafoni akadzafa, mudzatifuna. Sakunama kwenikweni. Mphepo ya Katrina itawononga New Orleans mu 2005, ndiponso ya Maria itagwetsa milongoti ya mafoni ku Puerto Rico mu 2017, ma ham ananyamuladi mauthenga. Kungoti tsoka silibwera tsiku ndi tsiku. Podikira, mabatire ali odzaza, Madala amauza dziko lonse za mawondo awo, mankhwala a BP ndi kuchedwa kwa mvula. Amene magazi awo ndi otentha amapita pa 14.313 MHz, malo otchuka ndi kutukwanizana, kumene amuna aziphaso zawo amaimbirana mluzu ndi kutsekerezana mawu mpaka dzuwa kulowa.

Musaseke, apa pali ntchito. Malo amlengalenga ndi chuma, makampani amawasirira. Mu 1988 FCC inagamula kuti 220 mpaka 222 MHz ichoke kwa ma ham ipite kwa amalonda, ndipo mu 2020 inayamba kuwasamutsa pafupi ndi 3.5 GHz pokonzera 5G. Malo a zii amalandidwa. Ndani angayerekeze kunena kuti pamene Madala akukanganirapo sipagwira ntchito?

Ifenso timadyako ulemu wawo. Ma ham a ku Malawi dzina lawo loitanira limayamba ndi 7Q, ndipo ndi ochepa, choncho mmodzi akangomveka, mazana a anthu ku Ulaya ndi ku America amaitana nthawi imodzi. Wa 7Q amapempha kuti omuitana asunthire pamwamba pang'ono kuti iye azimveka. Wina akaiwala, Madala amadzuka kukhazikitsa bata: “Up! Up!” Madala ena amakalipira oyambawo kuti akhale chete, achitatu n'kukalipira achiwiriwo. Bata limakhazikika ndithu, kungoti wa ku Malawi uja palibenso akumumva.

Chilonda china ndi cha mu April 2022, pamene FCC inayamba kulipiritsa $35 pa chiphaso chogwira ntchito zaka 10. Madala, amene wayilesi yawo inadya madola masauzande angapo ndipo mayi a kunyumba anauzidwa mtengo wina, akuti uku n'kupha masewera. Ine ndikupempha achinyamata a Baofeng kuti asonkhe, awalipirire Madala ndalamayi, asapezeke atsekedwa pakamwa. Koma kalata yoperekezera ndalamayo ilembedwe m'Morse, apo ayi aibweza.