Tsabola Wakale Akuwawabe pa 0644

Amene anati tsabola wakale sawawa sanalembepo extension ya C. Mwezi uno wamuwawa mnzanga wina mpaka kutuluka misozi, ndipo tsabola wake ndi wa m'zaka za m'ma 1970, nthawi ya Dennis Ritchie: ziro wa kutsogolo kwa nambala.

Pa Unix, kuwerenga fayilo ndi 4, kulembamo ndi 2, kuiyendetsa ndi 1, ndipo manambala amakhala atatu: wa mwini, wa gulu lake, wa ena onse. Choncho 0644 ndiye kuti mwini awerenge n'kulemba (4 kuphatikiza 2), enawo angowerenga. Koma ziro uja sanabwerere kukongoletsa. Amauza C kuti nambalayi ndi ya octal, yothera pa 7, ndipo m'mawerengedwe athu a tsiku ndi tsiku ndi 420.

Tsono extension ya mnzangayu inkalandira chilolezo kuchokera ku Python ngati mawu, "0644", iye n'kupatsira atoi, yosandutsa mawu kukhala nambala. Mkulu ameneyu safunsa. Anataya ziro n'kubweza 644 wamba, yemwe mu octal ndi 1204. Tawerengani nokha: mwini azingolemba, kuwerenga ayi, gulu lake lisayandikire n'komwe, aliyense wodutsa awerenge mmene angafunire. Mwini nkhokwe azithiramo chimanga maso ali chitsinzire, a m'mudzi wina akusuzumira. Nanga 1 wakutsogoloyo? Ndi sticky bit, sanamuitane munthu.

Mnzangayu anakonza ndi strtol, n'kuiuza 8, kuti iwerenge ngati octal. Posindikiza kuti aone, %d inamuonetsa 420, thukuta n'kuyambiranso, chonsecho nambala inali yolondola, chosowa chinali %o.

Zilankhulo zatsopano zayesa kumupha ukali tsabolayu. Python 3 ya mu 2008 imakana 0644, imafuna 0o644. JavaScript inalandira 0o mu 2015, PHP 8.1 mu 2021. Zabwino ndithu. Koma patsani strtol mawu akuti "0o644": imawerenga ziro, ikafika pa o imaima, n'kubweza 0. Fayilo yotsekera aliyense, mwini yemwe.

Ine octal sindimuda. Nambala iliyonse imanyamula ma bit atatu ndendende, ukangoiona wadziwa amene alowe ndi amene atsale panja. Chimene chimandiopsa ndi munthu wotopa, usiku wapita, akamati "ingoika 777 tizipita." Pamenepo fayilo ya pa seva aliyense akhoza kuilembamo, ndipo mawa lake palibe amene amabwerera kudzatseka.