Walira mvula walira matope, ngakhale patebulo

Akale anati walira mvula walira matope. Ankalangiza alimi ndi ofuna banja, koma mwambiwu ukumukhudza kwambiri munthu amene iwo sanamuonepo: woyendetsa masewera a nthano zapatebulo, uja amati game master.

Masewerawa amayenda chonchi. Anthu anayi kapena asanu amazungulira tebulo, aliyense ndi pepala lolembapo mphamvu za ngwazi yake, ndipo dayisi ndiye amagamula ngati zimene wayesa zatheka. Mmodzi amasimba nkhani n'kumayankhulira zigawenga. Zinayamba ndi Dungeons & Dragons ku America mu 1974, kenaka okonda anthu ouluka ngati Superman anapeza awo: Champions mu 1981, Marvel Super Heroes mu 1984, Mutants & Masterminds mu 2002. Agogo posimba nthano anali pabwino, chifukwa ntchito ya adzukulu inali kuvomera kuti "tili tonse" basi. Panalibe woimika dzanja kuti Kalulu asalowe m'phangamo, akwere minibasi.

Tiyerekeze kuti nkhani taiika ku Chitipa. Woyendetsa wachezera usiku kulemba. Chigawenga chaba matumba a khofi ku Misuku, chikufuna kuwawolotsa mtsinje wa Songwe kulowa nawo ku Tanzania. Ngwazi zili ku Karonga, ndiye ziyende makilomita 101 kukafika pa boma, ndipo pa gulaye aliyense waikapo msampha. Mvula yomwe analira ndi anzake amphamvu zodabwitsa. Yagwa.

"Achimwene," akutero wamng'ono pagulupo, "ine si ndimauluka? Msewu ndi wachiyani?"

Kope lonse latha madzi. Wachiwiri akuti amaona za mumtima mwa munthu, choncho chinsinsi chomwe chimayenera kuululika madzulo wachidziwa tiyi asanazizire. Wachitatu wanyamula lole ya khofi n'kuibweza ku Misuku chosenza. Woyendetsa wangogwira njakata.

Ena zikatero amalusa, n'kuyamba kuletsa: lero kuli mphepo, suuluka, lero wadwala mutu, suona za mumtima. Kumeneko n'kumuitana mlendo kenaka n'kumubisira ndiwo ali pomwepo. Munthu anasankha kuuluka kuti auluke.

Wochenjera sakonza njira, amakonza chigawenga: chikufuna chiyani, chili ndi ndani, ndipo chichita chiyani ngwazi zikachedwa. Khofi awoloka tambala woyamba akalira, kaya ngwazi zabwera pandege kaya pakabaza. Zotsalazo azisiyire osewera, iye azingotola zimene mphamvu zawo zabala.

Woulukayo auluke ndithu. Koma wadutsa usiku pamwamba pa mudzi, anthu amuona, ndipo m'mawa akufunika kubwalo kwa amfumu kuti akafotokoze kumene wabisa lichero. Woona za mumtima aone, koma kuno ndi ku Chitipa, boma la zilankhulo zoposa khumi: mlonda akuganiza m'Chisukwa, dalaivala m'Chilambya, bwana wawo m'Chindali, pamene ngwazi yathu inakulira ku Ndirande. Ikasake womasulira, ndipo womasulirayo alinso ndi zofuna zake. Wamphamvu uja mwini lole akumudikira ndi mtengo wa masipuling'i. Mu Mutants & Masterminds zoterezi zili m'malamulo momwe: mavuto a ngwazi akaigwera, wosewera amalandira hero point yoti adzadzipulumutsire patsogolo. Osewera amafika popempha okha tsoka.

Chotsala ndi liwiro, ndipo limeneli sililembedwa m'kope, limawerengedwa pankhope. Nkhondo yomwe mu filimu imatha mphindi ziwiri, patebulo ikhoza kudya ola lathunthu, aliyense akuwonkhetsa manambala. Mukaona wina wayamba kusanja madayisi pamwamba pa linzake, wina chala chili pa WhatsApp, dziwani kuti nkhani yagona: chitseko chiphwanyike, mlatho ugwedezeke, wakuba athawe ndi thumba lomaliza. Koma nkhondo zikatsatizana zitatu osapuma, anthu amachita dzanzi. Aloleni akhale pachiwaya kumsika, adye tchipisi, akangane za yemwe alipire. Nthawi zambiri zimene adzakumbuke mawa ndi mkanganowo, osati nkhonya.

Ndipo lekezani anthu akadafuna zina, ngwazi ili lende pamwamba pa Songwe. Mukazengereza, akulekezerani ndi amayi poitana kuti nsima ikuzizira, ndipo mawu amenewo palibe dayisi amene anawatsutsapo.