Salima Amalima

Kuno kunyanja dzina la mwana silisowa. Ena amatola m'Baibulo, ena kwa ashehe, ena amangosuzumira panja n'kutcha mwana dzina la malo omwe aona. Koma dzina la malo limabwera ndi katundu wake, ndipo wosenza ndi mwanayo.

*

Ashehe amati Salima ndi dzina lachiarabu, tanthauzo lake mkazi wathanzi, wotetezedwa ku zoipa. N'chifukwa chake mabanja ena achisilamu amalikonda. Khutu la Mchewa limamva zina.

Ankhoswe ochokera ku Dowa adatsetsereka kudzafunsira mbeta ku Senga Bay.

"Mwana wathu tamuona, ngwaulemu. Dzina ndani?"

"Salima."

"Zikomo posatibisira, koma za khalidwe tikamba pambuyo. Tafunsa dzina."

"Tati Salima."

Amalume a mnyamata adatola chipewa chawo. "Kwathu n'kwa fodya ndi chimanga. Mwanena kawiri konse, tamva."

*

Tsiku lina Salima adapita ku Lilongwe ndi bambo ake. Pobwerera, atangolowa m'depoti, woitanira adakuwa: "Ofuna Salima! Ofuna Salima kuno!"

Amuna adathamanga kuchokera mbali zonse, wina atanyamula tambala kukhwapa. Mdala adamugwira dzanja mwana wake.

"Salima wotchipa lero, bwana!" adatero woitanira uja.

"Wotchipa ndi mlongo wako! Ameneyu ali ndi satifiketi ya Fomu 4!"

*

Pa kalembera wa zitupa za unzika mu 2017, mlembi anali atatopa ndi dzuwa la kunyanja.

"Dzina?"

"Salima."

"Boma lobadwira?"

"Salima."

"Mayi, tiziyenda bwinobwino. Mumakhala kuti?"

"Salima."

Mlembi adatembenukira kwa mwamuna wake. "Bambo, tandithandizeni. Mayiwa amachita chiyani?"

"Salima? Amalima. Mpunga, ku Lifuwu."

Mlembi adaika cholembera pansi n'kupempha madzi akumwa.

*

Bambo wina wa ku Chipoka adatcha mwana wake Ilala, dzina la sitima ya panyanja. Mphunzitsi wa m'mudzimo, wodziwa mbiri, adafotokozera agogo kuti sitimayo idatenga dzina ku dera la Ilala ku Zambia, komwe David Livingstone adamwalirira mu 1873.

"Mwamutcha mdzukulu wanga dzina la pamaliro?" adafunsa agogo.

"Ayi amayi, ndi la sitima yolimba. Chiyambire 1951 ikuyendabe panyanjapa."

"Ndiye mwaonjeza. Mkazi wanji wogona lero ku Nkhata Bay, mawa ku Likoma? Adzakhazikika pabanja ameneyu?"

*

Msodzi wina adapha utaka wambiri pachilumba cha Mbenje chaka chomwe mkazi wake adachira. Pothokoza adati mwana wamkaziyo akhale Mbenje. Pachilumbacho, m'dera la mfumu Makanjira, malamulo ndi okhwima: mowa ayi, njuga ayi, ndipo akazi saloledwa kupondapo.

Mkazi wake adangoti: "Chabwino. Koma akadzakula mudzamuuze nokha kuti dzina lake lili ndi pakhomo pomwe mwini wake saloledwa kufikapo."

Mwanayo ndi Chisomo mpaka lero.

*

Zilumba za kuno nazo zili ndi mayina onga a amayi a mfunda, ngati Naphiri ndi Nabanda: Namalenje pafupi ndi Senga Bay, Nankoma ndi Nakantenga pafupi ndi Maleri. Mtsikana wa ku Dedza adakwatiwa ndi woyendetsa bwato la alendo, palibe adamuchenjeza.

Lolemba mwamuna adati: "Ndachedwa kwa Namalenje." Lachitatu: "Mwera unandigwira, ndatandala kwa Nankoma." Loweruka: "Mawa ndilawirira kwa Nakantenga."

Lamulungu katundu anali atamangidwa, ankhoswe ali pamphasa.

"Atatu, malume! Ndipo amawatchula mayina pamaso panga, opanda manyazi!"

Mlandu udathera m'bwato. Adamuzungulitsa mayiyo zilumba zonse zitatu, akusanza njira yonse, mpaka adavomera kuti akazi anzakewo ndi miyala ndi abuluzi.

Atabadwa mwana wamkazi, mayiyo adadula yekha dzina: Namalenje. Apongozi atafunsa chifukwa, adayankha:

"Kuyambira lero akati ali kwa Namalenje, ndizimupeza pakhonde akuchapa matewera."