Mmene mungalembere za kukondera osakhumudwitsa aliyense

Ngati mwapatsidwa ntchito yolemba lipoti lonena za kukondera, koma simukufuna kuti bwana aliyense achite tsinya, gwirani mawu achingerezi akuti overrepresented. Amatanthauza kuti gulu lina la anthu latenga gawo lalikulu pamalo ena kuposa kuchuluka kwake m'dziko lonse. Ku Britain, ana pafupifupi 7 okha pa 100 alionse ndiwo amaphunzira m'sukulu zolipira zomwe si za boma, komabe lipoti la bungwe la Sutton Trust la mu 2019 linapeza kuti oweruza akuluakulu 65 pa 100 anachokera m'sukulu zimenezi. Sukulu imodzi yokha, Eton, yatulutsa nduna zazikulu 20, kuphatikizapo David Cameron ndi Boris Johnson. Inu musalembe kuti ana a anthu olemera amasungirana mipando. Lembani kuti ali overrepresented, owerenga aganize kuti anangodzuka m'mawa n'kupezeka avala mikanjo ya oweruza.

Ubwino wina wa mawuwa ndi wakuti sasankha. Ku Australia, Aaborijini pamodzi ndi anthu a kuzilumba za Torres Strait sakwana 4 pa 100, koma pa akaidi atatu alionse pafupifupi mmodzi ndi wa mitundu imeneyi. Iwonso ali overrepresented, chimodzimodzi oweruza a ku Britain aja. Woweruza ndi woweruzidwa apatsidwa dzina limodzi, ndipo wapolisi amene anamanga sakuoneka m'chiganizo chonse. Bungwe lomwe boma linakhazikitsa kuti lifufuze imfa za Aaborijini m'zitolokosi linanena kale mu 1991 kuti amafera mmenemo ambiri chifukwa amatsekeredwa ambiri. Zimenezi zisakutayitseni nthawi; mawu athuwa akugwirabe ntchito mpaka lero.

Ena adzakutsutsani kuti mawuwa ndi a masamu, ntchito yawo ndi kuyeza, osati kuloza chala. Akunena zoona, ndipo popanda muyeso wotere kukondera kumangokhala mphekesera. Koma masamuwo amafuna manambala awiri, gawo la gululo pamalopo ndi gawo lake m'dziko, ndipo awiriwa akaikidwa pamodzi wowerenga amafunsa kuti anachititsa ndani. Choncho siyani nambala imodzi. Wina akaumirira kufunsa pamsonkhano, muuzeni kuti nkhaniyi ikufunika kafukufuku wina, kenako pemphani ndalama zochitira kafukufukuyo.