Tchuthi cha Wogulitsa Mawu

Anthu amasirira anyamata ndi atsikana ojambula mawu a malonda pa wailesi, aja amatiuza mokoma kuti sopo watsika mtengo. Amati alibe bwana, ndiye angapite kunyanja tsiku lililonse. Zoona, bwana mmodzi alibe. Ali nawo ambirimbiri, ndipo onsewo nambala zawo za foni akuzidziwa.

Chovuta n'chakuti malonda amachuluka nthawi yomwe anthu ena onse akupuma: Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala, Khrisimasi, Isitala. Munthu wangofika ku Mangochi, chambo chili pamoto, foni yalira: "Achimwene, mtengo wasintha. Tabwerezani mzere womalizawo isanakwane 4 koloko."

Ndiye mumuone. Dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, iye wadzifundika bulangeti pakona pa chipinda, fani wazimitsa, maikolofoni ali kukamwa, akudikira kuti tambala wa pa loji akhale chete. Tambala akangoleka, injini ya boti yayamba. Akatumiza, thukuta lili kamukamu, mwini malonda amayankha kuti mawuwo akumveka otopa, ajambulenso mosangalala. Nanga ndalama? "Kumapeto kwa mwezi." Mwezi wake uti, satchula.