Napoleon Sanalembepo za Dimba Lanu

Okondedwa Amalume,

Ine ndiliko, kungoti chisanu cha kuno chikuluma mpaka m'mafupa.

Uthenga wanu wa pa WhatsApp ndaumva, woti poti ndikuphunzira zamalamulo, ndibwere ndidzakuyankhulireni pa mlandu wa dimba kwa amfumu. Pepani Amalume, teremu ino atipatsa malamulo a ku France. Masana ndimatsuka mbale mulesitilanti ku Braamfontein, usiku ndimagwetsana ndi Napoleon. Mkulu ameneyu mu 1804 anaika malamulo a ukwati, malo ndi chuma cha masiye m'buku limodzi lotchedwa Code civil. Ndalisanthula mpaka maso kufiira, koma za dimba la m'mbali mwa Linthipe mulibemo.

Anthu a ku France sachedwa kutopa ndi malamulo oyendetsera dziko. Pano ali pa ripabuliki yachisanu, imene General de Gaulle anayambitsa ndi malamulo a pa 4 October 1958. Nditamva izi ndinakumbukira njinga yanu ija, imene munasintha matayala, chishalo, tcheni ndi felemu, n'kutsala belu lokha. Nawonso belu lawo lilipo: chikalata cha ufulu wa anthu cha 1789, cha ndime 17. Malamulo a 1958 anangochitchula m'mawu oyamba ngati malonje, koma mu 1971 bwalo la Conseil constitutionnel linagamula kuti malonjewo nawonso ndi lamulo. Pabwaloli pamakhala anthu asanu ndi anayi kwa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo pulezidenti aliyense wopuma ali ndi mpando wake pomwepo mpaka imfa. Agogo akanamva zimenezi sakanasiya unyakwawa.

Koma imene yandilowa mumtima ndi ndime 49.3 ya malamulo a 1958 aja. Nduna yaikulu imatha kudutsitsa lamulo aphungu osavota. Ofuna kukana, agwetse boma lonse. Mu March 2023 anakwezera njira imeneyi zaka zopumira pantchito kuchoka pa 62 kufika pa 64. Ndinaimvetsa msanga chifukwa eni nyumba kuno amaigwiritsa ntchito Januwale aliyense. Lendi yakwera, palibe kukambirana, wosafuna anyamule chikwama. Tilimo asanu m'chipindamo, koma wolimba mtima kugwetsa boma sanapezeke.

Ndatumiza R400 ndi bulangete kudzera kwa kondakitala wa basi ya Loweruka. Mugulepo tambala wonenepa wa amfumu, ndipo mboni mutenge azakhali aja amene anaona agogo akubzala nthochi m'malire. Ine mayeso ndi Lachiwiri, ndipo zolemba za Montesquieu sindinaziyambe n'komwe.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
ku Joni