Munda wa mita imodzi

Umalume ndi ntchito yopanda penshoni. Mwana wa mchemwali wanga, amene akumaliza maphunziro a uinjiniya, anandiimbira kuti akufuna ndalama zosindikizira positala ya pulojekiti yake. Atatchula mtengo ndinafunafuna pokhala. Akuti pepala ndi inki zimachokera kunja, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, osindikiza amatchula mtengo akuyang'ana kumbali.

Pepalalo akuti ndi A0: mamilimita 841 m'lifupi, 1,189 m'litali. Sikweya mita imodzi imeneyo, mapepala a A4 okwana 16. Nditamva za sikweya mita mutu unayamba kugwira ntchito. Chinthu choyezedwa ndi mamita, chodula chonchi, ndi munda basi. Ndipo popeza wolipira ndine, mwini munda ndine.

Ndinapita kukauyendera pa laputopu yake. Abale inu, tsala lokhalokha! Pamwamba mutu wa zilembo zikuluzikulu. Pakati chithunzi cha kachipangizo kake komangirira pa mjigo, kamene kamatumiza uthenga pa foni mjigowo ukayamba kuvuta. Galafu imodzi, timawu tochepa. Kwina konseko mbee!

"Nanga apa osabzalapo bwanji?"

"Amalume, pamenepo m'popumira maso."

Maso a eni ake kudzapuma pamalo olipira ine!

Anandilongosolera moleza mtima. Akuti woyesa amabwera kapu ya tiyi ili m'manja, mapositala ena ambirimbiri akumudikirira. Mutu auwerenge akadali patali, asanaganize zoima. Akaima, aone msanga zinthu zitatu: vuto n'chiyani, wachitapo chiyani, chatuluka n'chiyani. Galafu ilembedwe mbali zonse ziwiri, kuti malita ndi angati ndipo maola ndi angati, apo ayi ndi mzere wongokongola. Mitundu isachuluke. Chithunzi chisakhale chotengedwa pa WhatsApp, chifukwa pochikulitsa chimasanduka phala. Zotsalazo azinena ndi pakamwa akafunsidwa.

Ine ndinamuyankha monga mlimi. Alangizi amatiuza za ulimi wa kasakaniza: pakati pa chimanga umaponyapo nandolo. Pakati pa galafu ndi chithunzicho pakanalowa masamu ake onse, anthu aone kuti fizi sinapite pachabe. Kumanzere, lipoti lonse m'zilembo zing'onozing'ono. Wofuna kuwerenga asendere, alibe miyendo kodi? Kumanja, chithunzi cha agogo ake. M'malire, m'mene anzathu amabzala chinangwa, kauthenga kachidule kakuti kwa amalume kuli nkhuku zogulitsa.

Anakana. Ndinapempha kuti andibwereke kangodya kokha, tidzagawana zokolola. Anakananso. Ndinamukumbutsa kuti kwathu munda ukagona osalimidwa amfumu amapatsa wina. Anati amfumu a kumeneko amachotsera malikisi munthu wothithikiza. Pamapeto ndinapatsidwa kamzere pansi penipeni, pa mawu othokoza, dzina langa pambuyo pa la aphunzitsi amene sanaponyepo ngakhale tambala.

Tsiku la chionetsero cha mapositala ndinavala jekete n'kukaima pafupi, ngati mlonda wa m'munda. Anthu ankaimadi. Positala yoyandikana nayo, yolimidwa mpaka m'mphepete monga ndinkafunira ine, ankaidutsa mothamanga. Ine ndimati ankaopa kuponda mbewu.

Chimene chinandiwawa si ndalama. Alendo olemekezeka anafika, anajambulitsa, anadya, anapita. Palibe anafunsa kuti kachipangizoka kangapangidwe ndi ndalama zingati, kapena kuti tikakayese pa mjigo uti. Mjigo wa Afridev umene uli m'midzi mwathumu unachokera ku pampu ya Maldev, imene inayambira konkuno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Lero yambiri timaitanitsa ku India. Ana athu tawaphunzitsa kulongosola nzeru zawo momveka, moti munthu amamva asanamalize tiyi. Amene ali ndi mphamvu zoti nzeruzo zifike pa mjigo weniweni ndi amene safuna kuima, ndipo kumudzi kwathu amayi akutungabe kudambo.

Mwanayo anakhoza bwino. Munda unapindidwa, unamangidwa ndi mphira, ndipo ndinautenga ndekha pa minibasi, kondakitala akufuna ndiulipirire mpando. Mayi a kunyumba auyeza kale ndi maso. Akuti ndi wabwino kuyanikapo ufa, makamaka moyeramo.